Tsiku limene ndinagula fumbi ku Doha

Tinanyamuka ku Al Aziziya Lachisanu m'mawa, dzuwa la Julaye litayamba kale kuluma pakhosi. Ondiyendetsa anali bambo Tembo a ku Chipata, dalaivala wa kampani ina yomanga nyumba, amene tsiku lopuma amanyamula ife anzawo pamtengo wachibale. Tinagwirizana mariyali makumi asanu, kupita ndi kubwera.

Chimene chinandidzutsa pa tsiku langa lokhalo logona mpaka masana inali foni ya mayi Nabanda. Iwowa agwira ntchito ya m'nyumba ku Al Markhiya kuyambira ine ndisanadziwe n'komwe kuti kuli dziko lotchedwa Qatar. Mabwana awo anali atabwerera kwawo osadzabweranso, ndipo anasiya kanyama ka mwana wawo m'khola. Mwini nyumba anati masana omwewo azimitsa magetsi n'kukhoma zitseko, pomwe kuntchito yatsopano ya mayiwo sankafuna chiweto chilichonse.

"Mwanawe, AC ikangozima, kameneka kafa," anatero. "Kuchipinda kwako kumazizira usana ndi usiku. Bwera udzakatenge."

Sindinafunse kuti n'kanyama kanji. Ine amene sindinawetepo ngakhale mphaka ndinangovala nsapato.

Lachisanu m'mawa misewu ya Doha imakhala ngati yasesedwa. Tinadutsa nsanja yaitali ya ku Aspire, n'kutsata msewu wa Al Waab popanda wotiimbira hutala ngakhale mmodzi. Chapatali nyumba zitalizitali za ku Al Dafna, kumene ndimayala mabedi a alendo masiku ena onse, zinkangooneka mwachimbuuzi chifukwa cha nthunzi ya m'nyanja. Bambo Tembo ankamenya dashibodi nthawi ndi nthawi kuti AC ya galimoto idzuke. Inkapuma mphepo yozizira pang'ono, kenako n'kugonanso.

Tinapeza mayi Nabanda atakhala pa sutikesi m'nyumba yopanda mpando ngakhale umodzi. Pakona panali khola la waya, ndipo m'kati mwake munali chinthu chotuwa ngati phulusa, chachikulu ngati zibakera ziwiri, makutu obulungira, ndevu zazitali, mchira wa gologolo. Akuti dzina lake ndi tchintchila, ndipo kwawo ndi kumapiri ozizira a ku South America. Ndinalowetsa chala. Abale anga, ndagwirapo matawulo a m'zipinda zogona mafumu, koma chofewa chotere sindinachikhudzepo. Chala chinangomira, osamva pamene ubweya wayambira. Kanyamako kanandigwira chalacho ndi timanja take, tizala tinayi ngati ta khanda, n'kundiyang'ana m'maso osaphethira. Pomwepo ndinadziwa kuti ndagwidwa.

Bambo Tembo anawerama n'kuyang'anitsitsa. "Iyi ni mbewa ya ma-boss," anatero. "Ku Chipata iyi imodzi chabe, family yonse yadya, na ma-neighbour."

"A Tembo, pakamwa panupo!" anakalipa mayi Nabanda. "Sabata yonse ndakhala ndikukapatsa mtedza wanga wa ku Mchinji ndi madeti, zipatso zotsekemera za kanjedza zija. Kakana kudya kuyambira dzulo. Pitani nako kaye kwa dokotala wa ziweto, mwamva? Yalla, nyamukani dzuwa lisanakwere."

Anakasisita kamodzi pamutu, n'kutembenukira kukhoma kuti tisaone nkhope yawo.

Kuchoka pakhomo kukafika pagalimoto ndi mtunda waufupi, koma kunja kunali ngati wina watsegula uvuni. Tinaika khola pampando wakumbuyo, ine pambali pake. Tisanatuluke n'komwe mu Al Markhiya, AC inasiyiratu. Bambo Tembo anaimenya, anainyengerera, anaitukwana m'Chinsenga, koma inangotulutsa mpweya wofunda. Ndinaona makutu a kanyama kaja akufiira. Kenako kanagona cham'mbali, kakupuma mothamanga, malovu akunyowetsa kachibwano. Ndinali nditakhala mwini wake kwa kanthawi kochepa chabe, ndipo kankandifera m'manja.

Apa n'kuti nthawi ya Swala ya Lachisanu ikuyandikira, pamene mashopu onse amatseka. Chipatala cha ziweto chimene tinkachidziwa, cha kufupi ndi kwathu, chinali chotseka mpaka masana. Bambo Tembo, amene amalemekeza malire a liwiro ngati malamulo khumi, anakhota mwadzidzidzi n'kuima pa kashopu ka tiyi. Mwini wake, bambo wa ku Kerala ku India, anali akutsitsa chitseko, chipewa chopempherera chili kale kumutu. Anatikupiza dzanja kuti watseka. Ndinatsika ndi khola lonse n'kumuonetsa. Anakwezanso chitseko, n'kutulutsa m'firiji mabotolo awiri a madzi oundana gwa. Nditatulutsa ndalama anagwedeza mutu. "Khalas, basi, pitani," anatero, n'kuthamangira kumzikiti. Dzina lake sindilidziwa mpaka lero, koma ndimamuika m'mapemphero.

Ndinakulunga mabotolowo m'chitenje changa n'kuwaika m'khola. Bambo Tembo anatilowetsa pansi pa molo ina, chinyumba cha mashopu ambirimbiri, kumalo oimika magalimoto, n'kuima pafupi ndi chitseko chagalasi chimene chikatseguka chimalavula mphepo yozizira. Mlonda wa ku Uganda anabwera kudzatithamangitsa, koma ataona chimene chinali m'kholamo anakatenga mpando wake n'kundikhazika m'kati mwenimweni mwa khomo. Tinakhala pamenepo nthawi yonse ya mapemphero. Pang'onopang'ono kanyama kanadzikwawitsa n'kutsamira botolo. Makutu anayamba kuyera.

"A Tembo, ndakuchedwetsani. Muli ndi ma-customer ena," ndinatero.

"Mafi mushkila, palibe vuto, ba sister. Manje nifuna nione ngati ba boss bazachira."

Mashopu atatsegula tinadya chapati ya dzira ndi tiyi wa karaki, wa riyali imodzi kapu. Mtima utakhala pansi, ndinayamba kuona zimene ndinali ndisanazione. Ubweya wa kanyamako unali utamatana m'mbali, wamafuta, ndipo kankanunkha khola losasesa. Kwathu ku Dedza mlendo akafika kuchokera kutali, usanamufunse za kumene wachokera, umamuikira madzi kubafa. Ndinalowa m'golosale n'kugula beseni laling'ono, sopo wa makanda ndi kathawulo kofewa. Ndinatuluka ndikudzimva kuti ndine mayi wodziwa kulandira alendo.

Chipatala chija chitatsegula tinapitako. Dokotala wa ziweto anali mayi wa ku Sudan, wamagalasi, wolankhula motsitsa. Anakanyamula kanyamako ngati dzira, anakamvetsera pamtima, anakayang'ana mano, n'kukabaya jakisoni wa madzi pansi pa khungu. Anati mabotolo aja ndiwo akapulumutsa. Za mtedza ndi madeti anapukusa mutu: mimba yake siitha mafuta ndi zotsekemera, chakudya chake ndi udzu wouma. Kenako maso ake anagwera pa jumbo yanga.

"Beseni ndi sopoyo n'za ndani?"

"N'za mlendoyu, adokotala. Tikangofika ndikamusambitsa."

Anavula magalasi. "Chonde musayerekeze. Taonani." Anauzira mpweya pamsana pa kanyamako, ubweya n'kutseguka ngati duwa, koma khungu osaoneka. "Ubweya wothithikana chonchi ukanyowa suuma. Kadzazizidwa, khungu lidzachita nkhungu, ndipo m'mene kafookeramu mukhoza kukataya. Aka kamasamba fumbi."

"Ngati nkhuku?"

"Ngati nkhuku," anaseka. "Mukakaikire m'beseni lanu lomwelo kakapumula. Kakakana, mubwere nako mawa m'mawa, ndiye kuti zinthu sizili bwino. Kakasamba, dziwani kuti kasankha kukhala ndi moyo."

Anandipatsa thumba la udzu wouma ndi chitini cha fumbi losalala ngati ufa woyera, lochokera ku miyala ya kumapiri ophulika. Zonsezo zinali zogula. Bambo Tembo ataona ndikulipira anagwira m'chiuno.

"Ba sister, mwagula chani? Fumbi? Mu Qatar? Dziko yonse iyi ni fumbi, tima-cleaner daily pa windscreen! Na udzu futi? Mukakambe kumunzi, bazakuseka mpaka Christmas."

Dokotala anawafotokozera kuti mchenga wa panja ndi wokhakhala, umadula ubweya. Iwo anangoti, "Ni ba boss zoona," koma chitinicho ananyamula okha mpaka kugalimoto, ndi manja awiri.

Tinafika ku Al Aziziya dzuwa litapendeka. Kunyumba kwathu amuna salowa, choncho bambo Tembo anatsala pageti. Ndinawapatsa ndalama yawo, koma sananyamuke. Anati adikira kaye amve.

M'chipinda ndinaika khola pakona yozizira, kutali ndi zenera. Ndinakasiya kanyamako kapume, ine nditakhala pansi, osayatsa ngakhale wailesi. Kunja kutayamba kuda ndinathira fumbi m'beseni n'kuliika m'khola. Kanaliyang'ana. Kananunkhiza m'mphepete, ndevu zikunjenjemera, n'kubwerera pakona. Ndinamva misozi ikubwera. Ndinayamba kuganiza za mawu amene ndikawauze mayi Nabanda.

Kenako kanabweranso. Kanaika dzanja limodzi m'fumbimo, kanakanda kawiri, n'kudumphiramo konse. Zimene zinatsatira maso anga analephera kuzitsata. Kanagubuduka chagada, kanatembenuka, kanagubudukanso, miyendo m'mwamba, fumbi kuti fuu mpaka pa yunifolomu yanga yositasita. Kanaima, kanadzigwedeza, ubweya wonse utaimirira mbee ngati watsopano. Kenako kanatola kaudzu kamodzi ndi timanja tija n'kuyamba kudya katakhala tsonga, ngati munthu wakudya mzimbe pakhonde.

Ndinatsegula zenera n'kukuwa osasamala za oyandikana nawo: "A Tembo, asamba!" Pansipo hutala inalira katatu.

Ine ndinkayesa kuti kulandira mlendo ndi kumupatsa zabwino zonse zimene iwe umazidziwa. Tsiku limenelo ndikanapha mlendo wanga ndi ulemu wa kwathu, sopo ali m'manja, mtima uli mbee. Tonse m'nyumba muno tinachoka kutali, ndipo tikudziwa kuwawa kwake kosambitsidwa m'njira za eni dziko popanda wokufunsa. Ndinaimbira mayi Nabanda. Sanayankhe moni wanga, anangofunsa kuti, "Kali moyo?"

"Kali moyo, mayi. Kakudya."

Kumbali inayo ndinamva akumina.