Nsomba Zanga M'nyumba ya Siwa

Nsomba zija anagula ndi amuna anga ku Limbe, koma kugula kokhako. Zinali zofiira ngati malalanje akupsa, zosadyedwa, zongokhala m'thanki ya galasi pabalaza pathu ku Chitawira. Kudyetsa, kusintha madzi, kutsuka galasi, zonse zinagwera ine. Ndikangotulukira pakhomo la kuchipinda m'mawa, zinkathamangira pangodya ya mbali yanga, milomo ili yasa. Iwo akayandikira, zinkabisala kuseri kwa mwala. "Zikukudziwani chiyani inu? Zikudziwa njala basi," ankatero. Ine ndinkawauza kuti imeneyo ndi nsanje, ndipo tinkakangana zomwezo mpaka anyamuke kupita kuntchito kwawo ku Makata.

Tsiku lomwe anamwalira, nyumba inasanduka siwa ine ndisanabwere n'komwe kuchokera kuchipatala. Mipando yonse anaitulutsa panja, monga timachitira, kuti amayi akhale pansi. Thanki yokha inawakanika, poti yodzaza madzi sinyamulika. Ndiye alamu anga, mchemwali wamkulu wa malemuwo, anaifunditsa chitenje, ati pamaliro sipakhala zoseweretsa. Wina anazula pulagi ya kamakina kopopera mpweya m'madzi n'kulumikizapo sipika ya kwaya.

Ine anandikhazika pamphasa pakona, duku lakuda kumutu, amayi a Mvano uku ndi uku. Namfedwa sadzuka yekha. Ngakhale kuchimbudzi amakuperekeza, atakugwira mkono ngati ugwera m'dzenje. Thanki inali pomwepo patsogolo panga, ndipo kaphokoso ka thovu komwe ndinakazolowera kanali zii.

Ndinkadziwa kuti popanda mpweya zifa. Koma ndikanayamba bwanji? Mwamuna ali m'bokosi, mkazi n'kumati, "Tandiyatsirani kamakina ka nsomba zanga"? Nkhaniyo ikanafika ku Mbayani tisanaike n'komwe, ndipo pofika ku Ndirande ikanakhala yoti ndinawapha ndine. Ndinayesa kunong'oneza mayi wina wa kumpingo kwathu amene anandikhala pafupi. Anandisisita kumsana. "Limbani mtima, mayi, musamayankhule zambiri," anatero, n'kuyambitsa nyimbo.

Ndinakwiya, ndipo ndikakumbuka ndimakwiyabe. Ndinakwiyira alamu, ndinakwiyira sipika, ndinakwiyira ngakhale malemuwo pondisiyira khamu la anthu ondikonda chonchi. Maliro ndi kulirana, inde, koma panalibe anandifunsa chomwe chinkandidya mumtima. Amuna anga anali atapita, panalibe wowabweza. Zomwe zinali m'madzimo zinali zamoyo, zikundidikira, ine n'kumangoyang'ana maluwa a pachitenje. Kenako anati mwambo uyambe waima, tidikire achibale ochokera ku Joni. Ndinakhalabe pamphasa pomwepo.

Titaika maliro, anthu atayamba kubalalika, ndinapeza mpata masana ena pabalaza palibe munthu. Ndinavundukula chitenje chija, fungo n'kundiwomba. Zinali zitayandama, mimba m'mwamba, kupatula kamodzi, kakang'ono pa zonse, komwe kankapuma movutika pamwamba pa madzi. Ndinawola zakufazo ndi manja, ndinabwezera pulagi, ndinathiramo madzi abwino. Kenako ndinagwada pangodya yanga ija, chakudya chake chili m'manja.

Kanathawira kuseri kwa mwala.

Ndinadikira, iko osatuluka. Apo m'pamene ndinadziona pagalasipo: diresi lakuda, duku lakuda lotsika mpaka pa nsidze, maso otupa. Nanenso mayi ameneyo ndikanamudutsa pamsewu osamupatsa moni. Ndinamasula duku n'kuliika pamwendo. Patapita kanthawi kansombako kanatulutsa mutu, kakugwedeza zipsepse, n'kuyamba kubwera pang'onopang'ono, molunjika pomwe panali nkhope yanga. Chiyambire maliro, aka kanali koyamba kuti mtima wanga ukhale pansi.

"Alamu!" Mawuwo anachokera pakhomo la kukhitchini. Mchemwali wa malemu uja anali ataima pomwepo, manja ali m'chiuno. "Mutu pamtunda, dothi la pamanda lisanaume? Zakudazi muvula chaka chikatha, ndipo tidzakuvulani ndife. Mangani msanga anthu asanakuoneni."

Ndinafuna kuwauza kuti adikire pang'ono chabe, katsala pang'ono kufika. Koma ndinangowamvera. Ndinamanga duku, kansombako n'kutembenukira pakati pa thanki, kubwerera.

Alamuwo sanapitenso kwawo. Anatsala m'nyumbamo, ati kundisungulutsa, ndipo mpando wawo unali pabalaza pomwepo. Chaka chonsecho ndinkathira chakudya m'madzi n'kuchokapo, kuti kansombako kadye.