Firiji ya bambo

Bambo anga atagula firiji yakale ku Biwi, anailowetsa m'nyumba mwathu ku Kawale ngati mkwatibwi. Posakhalitsa inasiya kuziziritsa, koma iwo sanavomere kuti wogulitsa uja anawapusitsa.

"Madzi ozizira kwambiri amayambitsa chifuwa," anatero bambo.

Tonse tinayamba kuwathandiza kupeza zifukwa. Amayi anati mufirijimo shuga sagwidwa nyerere. Mkulu wanga anati magetsi ake omangozimazimawa, ngakhale yatsopano ikanangokhala chimodzimodzi. Ine ndekha ndinkanyinyirika, makamaka mu Okutobala dzuwa likamaswa mtengo.

Koma tsiku lina amalume atabwera n'kuiseka, ndinapsa mtima. "Firiji iyi ndi yabwino, inuyo simukuidziwa!"

Bambo anamwetulira, natsegula firijiyo n'kunditsanulira madzi m'kapu. Anali ofunda ngati osamba. Ndinamwa onse, amalume akuona.