Galimoto Imene Inadya Mazira a Amayi

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anga anatsala pang'ono kugula galimoto. Inali nthawi ya Chitaganya, ine ndili ndi zaka khumi, ndipo Mzuzu sunali mzinda umene mukuudziwa lerowu. Kunali maofesi a boma ochepa, masitolo owerengeka, minda ikuluikulu ya mitengo ya mafuta yotchedwa tung, ndi matope ofiira amene ankakakamira kumapazi miyezi yonse ya mvula. Bambo anali kalaliki wa boma. Anawasamutsa kuchokera kwathu ku Dedza, ndipo tinkakhala m'kanyumba ka njerwa cha ku Katoto, kumene chifunga chinkafika mpaka pakhomo m'mawa uliwonse.

Maganizo a galimoto sanabwere chifukwa cha matama. Chaka chapitacho agogo, mayi awo a amayi anga, anamwalira kumudzi. Uthenga unatipeza basi itapita kale, ndipo lole imene tinakwera inatitimira m'matope pa Viphya masiku awiri. Titafika tinapeza anthu atabalalika, tinangoonetsedwa mtumbira. Amayi sanalire mokweza. Anabwerera ku Mzuzu ali duu, ndipo anakhala choncho miyezi yambiri, kuphika ndi kuchapa monga mwa masiku onse koma osaseka. Ndiye pamene bambo anamva kuti mzungu wina wa kuminda ya tung akubwerera kwawo ndipo akugulitsa galimoto yake yakale, anati zonse zimene anasunga chiyambire ntchito zipite pamenepo.

Galimotoyo ine ndinkaidziwa kuposa bambo. Mzunguyo ankakhala cha ku Kaning'ina, m'mphepete mwa nkhalango, ndipo Lachisanu lililonse ndikaweruka kusukulu amayi ankandituma kukapereka mazira kwa khukhi wake. Inali yobiriwira, yamsana wozungulira ngati kamba, ndipo mkati mwake munkanunkhira chikopa, petulo ndi fodya wa kaliwo. Ndikafika ndinkayamba ndadziyang'anira pa chitsulo chonyezimira cha kutsogolo, pamene nkhope yanga inkaoneka yotambalala ngati lichero. Nditangomva za malondawo, sindinachedwe. Pofika Lachitatu kalasi yonse inali itadziwa kuti kwathu kukubwera galimoto, ndipo mnzanga Tamala ndinali nditamulonjeza kale mpando wa pawindo.

Lachisanu lija, kutangotsala tsiku limodzi kuti bambo akaione, ndinafika ndi mazira monga mwa nthawi zonse. Ndinapeza mzungu ali panja, boneti ili yotsegula, injini ikulira. Anandikodola, natenga mazira awiri m'kambale kanga. Anawaswa pachitsulo mmodzimmodzi, nathira m'kamwa mwa rediyeta, muja amathiramo madzi oziziritsa injini. Kenako anatseka, napukuta manja pa kabudula. Ine ndinaima kukamwa kuli yasa. Ndinaganiza kuti mwina magalimoto a azungu amadya mazira, ndipo ndinayamba kuwerengera mumtima ngati nkhuku za amayi zidzakwanitse.

Kukhitchini ndinafunsa khukhi, mkulu wina wa ku Nkhata Bay wa imvi m'mutu monse. Anayang'ana kukhomo kaye asanayankhe. Anati galimotoyo imadontha madzi, ndipo dzira likapsa m'madzi otentha limakamata pabowo, n'kutseka kwa masiku angapo.

"Koma iwe mwana, waona ndi maso basi," anatero. "Ine ndili ndi ana."

Mzungu sankadziwa kuti kamtsikana ka mazira ndi mwana wa kalaliki amene akubwera mawa. Ndikhulupirira kuti nkhope yanga sanaiyang'anepo n'kamodzi komwe. Ndinabwerera kunyumba ndili ndi nkhaniyo pakhosi. Pachakudya bambo ankafotokoza za ulendo wa ku Dedza wa tsiku limodzi lokha, amayi akumvetsera, ndipo ine ndinameza nkhani yanga pamodzi ndi ndiwo. Ndinadziuza kuti bowo latsekedwa, ndiye kuti palibenso vuto.

Loweruka m'mamawa kunabwera a Mhango, makaniko amene anagwirapo ntchito m'galaja ku Halale zaka zambiri. Ankakhala cha ku Mchengautuwa, kumene nthawi imeneyo kunali minda ndi nyumba zaudzu. Anali wamfupi, magalasi awo omangidwa ndi ulusi, zipangizo zawo zili m'thumba la ufa kumbuyo kwa njinga. Chinyanja chawo, monga tinkachitchulira masiku amenewo, chinkatuluka chosakaniza ndi Chitumbuka. Ndinachonderera kuti ndipite nawo, ndipo bambo analola.

A Mhango sanathamangire injini. Anayamba aizungulira galimotoyo katatu, manja kumbuyo, ngati munthu wofuna kugula ng'ombe. Anagwira boneti ndi chikhatho n'kupukusa mutu, chifukwa inali yofunda kale. Iwo anafuna kuimva ikudzuka kozizira. Kenako anasuzumira pa kawotchi kowerenga mamailosi. Bambo anali atakondwa kuti manambala ake ndi ochepa, koma a Mhango anawaitana kuti ayang'ane pansi. Labala wa pa buleki ndi pa kilachi anali atatha mpaka chitsulo kuonekera. Chiwongolero chinali see, chosalala ndi manja, ndipo mpando wa woyendetsa unali utalowa ngati mtondo.

"Adada, manambala awa anafika kumapeto n'kuyambiranso," anatero. "Iyi yayenda chomene. Phazi silinama."

Mzungu atafunsidwa anavomera mosavuta, ndipo a Mhango anaoneka kuti akhutira. Anati kuyenda kwambiri si mlandu ngati mwini wake ankaisamala. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo, napaka pakati pa zala ziwiri, nanunkhiza. Anagwedeza tayala lililonse ndi mphamvu zawo zonse. Anayala thumba lija pansi n'kulowa chagada, ndipo kwa nthawi yaitali tinangoona nsapato zawo ndi kumva sipanala ikugogoda, ngo ngo ngo, kufunafuna pamene dzimbiri ladya. Atatuluka anauza mzungu kuti ailize. Anatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga anaika pa injini, chigwiriro anaika pakhutu, natsinzina. Ndinali ndisanaonepo munthu wamkulu akumvetsera chinthu mwaulemu chotero, ngakhale kutchalitchi. Pomaliza anapempha mpango woyera wa bambo, naugwirizira pa paipi ya utsi. Unada pang'ono chabe. Mpangowo amayi anauchapa katatu.

Atafika pa rediyeta, ine ndinayang'ana kumbali. Iwo anasuzumira pansi pake, panali pouma. Anapitirira.

Kenako tinapita kukaiyesa pamsewu wa ku Nkhata Bay, mzungu atatsala pakhonde ndi tiyi wake. A Mhango ankayendetsa, bambo ali pambali, ine ndekha kumbuyo, miyendo yosafika pansi. Sindidzaiwala mmene mitengo inkathamangira, ndi kamphepo kozizira ka m'nkhalango kakulowa pawindo. Amayi ena osenza nkhuni anapatuka n'kutiyang'ana, ndipo ine ndinawabayibitsa ngati ndinabadwira m'galimoto. Pamalo athyathyathya a Mhango anapatsa bambo chiwongolero. Bambo anali ataphunzirako pang'ono pa lole ya kuntchito. Galimoto inadumpha kawiri n'kuzima, kachitatu inayenda mokhotakhota, ndipo mbuzi ina inapulumuka mwa chisomo. Anabweza chiwongolero malaya atanyowa kumsana.

Tinatsika chitunda chachitali n'kukweranso. Pamwamba a Mhango anaima, natsegula boneti, namvetseranso.

"Njakale, koma mtima wake uli makora, uli bwino ndithu," anatero. "Chimene ndimaopa ine ndi madzi. Pa Viphya paja galimoto yotaya madzi imapsa injini, mukhoza kugona m'tchire sabata. Koma iyi siikudontha. Gulani, adada."

Bambo anamwetulira, nati Lolemba akamaliza zonse. Ine ndinali nditaima pafupi ndi tayala lakumbuyo. Ndinaona m'maganizo amayi atakhalanso m'mphepete mwa msewu pa Viphya, atafunda chitenje kumutu, monga anakhalira masiku awiri aja. Ndinaonanso Tamala ndi kalasi yonse. Sindinganame kuti ndinasankha mwamsanga. A Mhango anali atayamba kale kutsitsa boneti pamene mawu anatuluka, aang'ono ngati si anga.

"Bambo, muli mazira."

"Mazira ati?"

"A amayi. Awiri. Mzungu anathira dzulo, ndinaona ndekha."

A Mhango anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. Sanandifunse kanthu. Tinakhala pa udzu kudikira kuti injini izizire. Kenako anatsegula chivundikiro cha rediyeta ndi nsanza, nalowetsa kamtengo, ndipo kanatuluka ndi timaulusi toyera tolendewera. Ananunkhiza. Anayamba kuseka, kuseka mpaka anakhala pansi m'fumbi, akuti zaka zonse za ku Halale agonja kwa kamsungwana ka sitandade thuu. Atapukuta misozi anayankhula mofatsa. Anati rediyeta yokha si nkhani, angathe kuiwotcherera tsiku limodzi. Koma ngati galimotoyo yakhala ikuyenda yotentha, mutu wa injini ukhoza kukhala ndi mng'alu, ndipo zimenezo sangazione popanda kumasula. Mwina ilibe kanthu, mwina ili nako.

Bambo anatembenukira kwa ine. "Unadziwa kuyambira dzulo?"

Ndinavomera ndi mutu, ndikuyang'ana zala za kumapazi. Ndinkadikira khofi. Iwo anangoti, "Kwera, tizipita."

Masiku amenewo kalaliki wachikuda sankafunsa mzungu mafunso. Bambo anaima pansi pa masitepe a khonde, chipewa chili m'manja, nafunsa za mazira aja m'Chingerezi chawo cha muofesi, mwaulemu kwambiri. Khukhi sanamutchule. Mzungu anafiira mpaka m'khosi. Anati aliyense woyenda m'misewu ya kuno amachita zimenezo, ndipo anali wokonzeka kutsitsa mtengo. Bambo anathokoza, navala chipewa, ndipo tinabwerera ku Katoto wapansi, a Mhango akukankha njinga yawo pambali pathu. Posiyana anandigwira chanza ngati munthu wamkulu, nati, "Yewo chomene, amama."

Kunyumba amayi anamvetsera nkhani yonse ataima pakhomo ndi chipande m'manja. Bambo atamaliza, amayi anafunsa chinthu chimodzi chokha: "Mazira angawo, analipira?" Kenako anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Kanali koyamba kuwamva akuseka chibwerereni kumaliro.

Kusukulu kunalibe chifundo. Kwa teremu yonse ndikamadutsa anyamata ankaliza injini ndi milomo, ndipo Tamala ankandifunsa tsiku ndi tsiku ngati mpando wake wa pawindo ukadalipo. Chimene chinandipweteka koposa n'chakuti galimotoyo anaigula bambo wina wa sitolo. A Mhango omwewo anaiwotcherera rediyeta, ndipo inayenda. Inayenda mpaka Chitaganya chinatha, inayenda dziko litalandira ufulu, ikunyamula nthochi ndi nsomba zouma, ikudutsa pafupi ndi nyumba yathu ndi hutala yake yosasa mawu. Nthawi iliyonse ndikaiona ndinkamva kuti ndinalanda makolo anga chinthu. Bambo sanagulenso ina. Zosunga zawo zinathera pa sukulu yanga ndi ya ang'ono anga, ndipo nkhani ya galimotoyo sanaitchulenso.

Lero Mzuzu wadzaza magalimoto moti munthu wa msinkhu wanga amaima nthawi yaitali asanawoloke msewu pa Katoto. Mdzukulu wanga anagula yake ataiona pa foni, ili kutsidya kwa nyanja zamchere, osaigwira, osaimva kulira, wogulitsayo osamudziwa nkhope. Akuti makina ndiwo amayeza zonse. Mwina n'zoona, sindikutsutsa. Koma ndimaganiza kuti kale kugula chinthu chachikulu kunkatenga m'mawa wonse ndi anthu angapo, ndipo pofika masana unali utadziwa za galimoto, za wogulitsa, ndi za anthu a m'nyumba mwako momwe. Zina zasintha mokoma. Nthawi ija palibe akanaganiza kuti mtsikana angakhale pa chiwongolero, koma ine, nditaphunzitsa sukulu zaka zambiri, ndinagula yangayanga, yakale ndithu, ndipo ndinalowa pansi pake ndekha ndisanalipire.

Ulendo wanga woyamba wautali ndinapita ku Dedza, kumene bambo anali atapuma ntchito. Ndinawatenga kuti tikazungulire kuboma. Anakana mpando wa kutsogolo, anakhala kumbuyo, ndodo ili pakati pa miyendo. Tili m'njira ndinalimba mtima n'kupepesa chifukwa cha galimoto yobiriwira ija, ndinati ndikanakhala chete bwenzi atayenda nayo zaka zambiri. Nditayang'ana pagalasi ndinaona akumwetulira.

"Esinati," anatero, "tsiku lija nditagwira chiwongolero ndinadziwa kuti chinthu chimenechi ndidzapha nacho munthu. Koma ndikanawauza bwanji amayi ako? Ndikanawauza bwanji a Mhango? Njira yonse ndinkapemphera kuti papezeke chifukwa."

Ndinatsala pang'ono kulowa m'ngalande.

"Yang'ana kutsogolo, mwana wanga," anatero. "Yendetsa iwe. Ine kuno kumbuyo ndili bwino."