Kukafuna Chowawenga Bambo a Lusiya

Tinanyamuka Lachiwiri m'mawa, mame asanakamuke, mwezi wa chisanu. Mudzi wathu uli kuseri kwa Fonte Boa, ndipo masiku amenewo Ulongwe azungu ankautcha Vila Coutinho. Amuna anga, bambo a Lusiya, anakwezedwa pa njinga ya achimwene awo chifukwa miyendo inali itayamba kukana. Ine ndinkatsatira pambuyo wapansi, dengu lili pamutu.

Za dengu limeneli ndifotokoze msanga, chifukwa uchitsiru wanga wonse unali mmenemo. Munali timapukusi ta chilichonse chodyedwa pakhomo pathu: ufa woyera, mgaiwa, nyemba, nsawawa, mbatatesi, mawere, mfutso wa khwanya, kachidutswa ka nkhumba yowamba, ndi mchere womwe.

Ine mtedza umandiwenga chibadwire. Ndikangolawa ndiwo zotendera, thupi lonse zidzolo, milomo kutupa, pakhosi kuthina. Ndiye bambo a Lusiya atayamba kudandaula kuti nyama ikumaima pachifuwa, ndinati matenda awa mwini wake ndine. Ndinawaletsa nkhumba. Patapita masabata angapo anati nyemba nazonso zikuvuta kutsika, ine n'kuchotsa nyemba. Kenako mbatatesi. Ku mishoni anatiuza koyambirira komwe kuti tipite kwa dotolo, koma ine liuma. Ndinkati mzungu adziwa chiyani za miphika yanga. Miyezi isanu ndi itatu ndinkachotsa chakudya chimodzichimodzi, mpaka munthu wamkulu, wolima mizere mpaka dzuwa kulowa, anatsala pa phala lamadzimadzi. Pamenepo ndinagonja, koma kugonja kwake kwa theka. Ndinati dotoloyo ayeze yekha zakudyazi, andilozere chimene chikuwawenga, ndikachitaye kudzala, amuna anga ayambenso kudya.

Ku Vila Coutinho tinafika dzuwa lili paliwombo. Dotolo wa pamenepo anawagwiragwira pakhosi, n'kuwapatsa madzi m'kapu, iye khutu lili pamsana pawo kumvetsera mmene akutsikira. Sanachulutse mawu. Analemba kalata yoti tipite ku chipatala chachikulu ku Tete. Titachoka apo tinakaima pamzere ku boma kupempha giya, chipepala chololeza munthu wakuda kuyenda ulendo. Sipayo, msilikali wa boma wolonda pakhomo, anasuzumira m'dengu mwanga.

"Amayi, mukupita ku chipatala kapena ku msika?"

"Kumene ndikupitako simudzalipira ndinu," ndinamuyankha. Bambo a Lusiya ananditsina pamkono kuti ndisatimangitse.

Tinagona kwa msuweni wanga. Lachitatu m'mawa tinakwera kamyawu, chigalimoto cha mwini sitolo ina imene tinkaitcha kantina, chonyamula mbatatesi kupita nazo ku Tete. Shofera anatilipiritsa mashikudu makumi awiri ndi asanu munthu mmodzi, ndipo malo ake anali pamwamba pa matumba. Ndinayala chitenje kuti mafupa a amuna anga asamve kwambiri, koma mbatatesi ndi mbatatesi basi, paliponse ukakhala zimakubaya. Tinalipo anthu asanu ndi awiri ndi nkhuku zingapo, ndipo nkhukuzo ndi zimene zinakhala bwino kuposa tonse.

Inu amene simunatsikeko kumapiri kwathu kupita kuchigwa, dziwani kuti dziko limasintha uli chipenyere. Masuku amatha, kumayamba minga ndi malambe. Tinachoka titafunda mabulangete, koma pofika masana thukuta linali kamukamu, fumbi lofiira mpaka m'mano. Pa chitsikira chilichonse mabuleki ankalira, ife n'kumatchula oyera mtima onse amene tinkawadziwa.

Chakumadzulo tinaima pa Musakama, pamene msewu wathu umakumana ndi wa ku Zobwe. Panali mayi wogulitsa tiyi ndi pawu, buledi wa Apwitikizi uja wouma ngati chikuni. Ndinanyika kachidutswa m'tiyi mpaka kufeweratu, n'kuwapatsa bambo a Lusiya. Anameza kamodzi, kawiri, kenako anatsika pang'onopang'ono kupita kuseri kwa galimoto. Tonse tinamva. Mkulu wina amene ankabwerera ku ntchito ya malasha ku Mwatizi anapukusa mutu.

"Mnzanga wina kumgodi ankatero ndithu."

"Nanga anachira?" ndinafunsa.

"Anapita kwawo, amayi."

"Ndafunsa ngati anachira."

Mkuluyo anangoyang'ana m'kapu mwake. Mtima unandipsa, ndipo ndinamuuza kuti pakamwa pake pali minga, asamafanizire amuna anga ndi anthu a kumigodi. Anapepesa, chonsecho sanalakwe kanthu.

Lachinayi masana tinafika pa Matundo, m'mphepete mwa Zambezi. Ine wozolowera timitsinje ta kwathu towoloka utakwinya chitenje, madzi amenewo anandiumitsa kukamwa. Mlatho kunalibe. Galimoto yathunthu ndi mbatatesi zake ankaikweza pa batelawu, chibwato chachitsulo chaphwatalala. Dzanja limodzi ndinagwira korona wopempherera, linalo dengu. Bambo a Lusiya anandiyang'ana, maso atalowa m'kati, koma nthabwala zawo zisanathe.

"Nambewe, likamira ili mupulumutsa ine kapena nyemba?"

Ndinaseka, anthu onse anaseka. Aka kanali komaliza kuseka ine pa ulendo umenewu.

Ku Tete kumatentha, abale. Tinagona pakhonde la chipatala pamodzi ndi ena odikira, ndipo Lachisanu m'mawa anatiitana. Dotolo anali mzungu wochepa thupi, wa magalasi. Womasulira anali namwino wamwamuna, Mnyungwe, Chinyanja chake chopotokapotoka koma chomveka. Asanafunse kanthu ine ndinamasula dengu, n'kuyala timapukusi tanga patebulo, n'kufotokoza zonse. Ndinkayembekeza kuti aseka. Dotolo sanaseke. Anafunsa ngati amuna anga amatuluka zidzolo akadya, ngati thupi limayabwa, ngati milomo imatupa. Zonsezo ndinati ayi.

"Akuti chakudya chikamawenga munthu chimakhala chimodzi kapena ziwiri, ndipo kawirikawiri khungu limaulula," anatero namwino. "Akuti izi za abambowa sizikusankha mtundu wa chakudya. Zikukana chilichonse cholimba."

Anawamwetsa phala loyera ngati njereza, n'kulowa nawo m'chipinda cha mdima mmene munali makina ounikira m'kati mwa thupi. Atatuluka anawauza kuti akapume pakhonde. Ine anandiitana ndekha. Dotolo anakweza chithunzi chakuda pawindo. Ndinaona mzere woyera ukutsika kuchokera kukhosi, waukulu ngati chala, kenako pakati pa chifuwa n'kuchepa mpaka kutsala ngati ulusi.

"Iyi ndi njira ya chakudya," anatero namwino. "Apa pamera chotupa, chikutseka njira. Azungu amati kankuru."

Ndi matenda omwewa amene masiku ano mumati khansa. Ine dzinalo ndinali ndisanalimvepo.

"Ndiye chiduleni."

"Akuti chakula, chagwira ndi zina za m'chifuwa. Ngakhale ku likulu, ku Lourenço Marques, sangachikhudze."

"Tikanabwera chaka chatha?"

Namwino anatembenuza funso langa. Dotolo analankhula nthawi yaitali, akuyendetsa manja. Namwino anayang'ana pansi.

"Akuti mwina."

Mpaka lero sindidziwa mawu ena onse aja anapita kuti, ndipo sindinafunse chifukwa ndinaopa.

Kenako dotolo anatsegula chibuku chachikulu n'kuyamba mafunso ena. Kodi amuna anga amamwa kachasu? Amasuta chingambwe? Timaphikira m'nyumba ya utsi? Chimanga timasunga bwanji, madzi timatunga kuti? Namwino anati dotoloyu waona anthu angapo ochokera kumapiri ali ndi nthenda yomweyi, ndipo akufufuza chimene chimaiyambitsa. Akupempha kuti timapukusi tanga nditisiye, atitumize kwa anzake akatiyeze.

Ndinafunsa msangamsanga. "Ndiye akapeza atiuza mankhwala?"

"Ayi, amayi. Akuti mwina zidzathandiza ena kutsogolo. Adzukulu anu, kapena."

Ndinakwiya, sindibisa. Ndinati ine sindinawoloke Zambezi chifukwa cha adzukulu, ndabwera ndi munthu wamoyo, ali pakhonde apo. Namwino sanamasulire, koma dotolo anamva ndithu. Anangovula magalasi. Ndinakankhira timapukusi tonse kwa iye, pakuti kwa ine tinalibenso ntchito. Anandipatsa botolo la mankhwala ochepetsa ululu. Ndili pakhomo ndinatembenuka.

"Nanga ndiziwaphikira chiyani?"

"Akuti chilichonse chimene angafune."

Bambo a Lusiya ndinawapeza atatsamira chipupa, chipewa chili pabondo. Anayang'ana dengu lopanda kanthu.

"Chapezeka chondiwengacho?"

"Akuti palibe choletsedwa. Muzidya chilichonse."

"Chilichonse?"

"Eya."

Munthu wamkulu safuna kumuuza kawiri. Kwathu wodwala akamasulidwa pa zonse zimene ankasala, akulu amadziwa tanthauzo lake.

"Ndamva, Nambewe. Tiyeni tizipita kwathu."

Loweruka tinapeza kamyawu yomweyo ikubwerera, itanyamula mchere, palafini ndi nsomba zouma. Titaima pa Mwatizi, fungo la mbuzi yowotcha linatipeza tili pamwamba pa katundu. Amuna anga anandikodola kuti ndikagule. Ndinabwera nayo itakulungidwa m'pepala. Anatenga nthuli imodzi, anatafuna nthawi yaitali maso atatseka, kenako analavulira m'dzanja n'kutaya kumbali. Anatenganso ina. Anatero mpaka yonse inatha, osameza ngakhale kamodzi.

"Yakoma," anatero.

Pamenepo ndi pamene ndinalira, pamaso pa anthu, mopanda manyazi. Ndinati mundikhululukire, ndinakumanani zakudya muli wokhoza kumeza. Iwo anati ndisiye, anthu aganiza kuti andimenya. Kenako anayamba kundiuza za munda wa kudambo, kuti chaka chino ndisadzalemo chimanga, ndidzale nyemba, ndipo ng'ombe yaikazi ndisalole achimwene awo aigulitse. Njira yonse yokwera mapiri ankangondipatsa malangizo, ine n'kumavomera.

Tinafika kumudzi Lolemba chakumadzulo, chisanu chitayamba kale kuluma. Lusiya, mwana wathu woyamba, anali atabwera kuchokera kubanja kwake kudzasunga pakhomo. Anatithamangira, mwana ali kumsana, n'kulandira dengu.

"Amayi, akuti chiyani? N'chiyani chimawawenga?"

"Palibe," ndinatero. "Akuti adye zonse."

Lusiya anaponya dengu pansi n'kuimba nthungululu. Anathamangira kwa anansi akufuula kuti abambo achira, mawa tipha nkhuku. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuitane, koma bambo ake anandigwira dzanja.

"Musiyeni. Mudzamuuze mkuja."

Nkhukuyo inaphedwadi, ndipo iwo anamwako msuzi masipuni atatu. Anatisiya mvula yoyamba isanagwe.

Ulendo wa ku Tete unandiphunzitsa zinthu zochepa, ndipo zonse mochedwa. Matenda anga ndinawayesa a aliyense. Paja amati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Masiku ano mayi akandiuza kuti mwamuna wake chakudya chikumamuima pachifuwa, sindimufunsa kuti anadya chiyani, ndimamuthamangitsira ku chipatala tsiku lomwelo. Chotupa chija sindinachiike ndine, zimenezo dotolo ananena ndipo ndimazikhulupirira. Koma miyezi isanu ndi itatu imene pakhosi pawo panali potseguka, amene ankawamana chakudya ndinali ine.