Tsiku Limene a Nicodemus Anazimitsa Fulashi

A Nicodemus akhala akujambula zithunzi ku Chang'ombe, mumzinda wa Dar ku Tanzania, kuyambira nthawi ya mafilimu otsuka. Anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, nalowa ntchito m'situdiyo ina, ndipo zimene anaphunzira kumeneko sanazisiye: munthu akamasuntha, muwalitsireni fulashi kuti aime. Kaya ndi ukwati, ubatizo, kaya mpira dzuwa lili paliwombo, iwo ng'ani! Ana a ku Buguruni, dera loyandikana nalo, anawapatsa dzina loti a Ching'aning'ani. Ankanamizira kukwiya nalo, koma ankalikonda.

Mnzawo wakalekale, a Harold, makaniki, anadwala sitiroko chaka chatha. Mbali yakumanzere inafooka, pakamwa panapotoka. Abale kumudzi anayamba kuimba mafoni kuti wodwalayo abwerere, akudikiranji m'dziko la eni? A Harold zinkawawawa kwambiri. Mkazi, ana, ndi manda a mwana wawo woyamba, zonse zili mu Dar momwemo.

Pa phwando lotsanzikana ndi mwana wawo Lightness, amene ankakwatiwa, masana m'holo ya tchalitchi, a Harold anakokera a Nicodemus pambali.

"Achimwene, lero ndivina. Mundijambule vizuri, akulu anga ku Ntcheu aone kuti ndidakali munthu. Akangoona ndili hoi, wofookeratu, basi, abwera kudzanditenga."

Nyimbo itayamba, a Harold anapatsa mkazi wawo ndodo n'kulowa m'bwalo. A Nicodemus anawalitsa monga mwa masiku onse, kenako anayang'ana pakamera. Mtima unawapweteka. Fulashi inagwira zonse bwinobwino: mlomo wopotoka, dzanja lili lende, mwendo m'mwamba ngati munthu amene akugwa. Anayesanso, zomwezo. Komatu maso awo ankaona munthu akuvina, kuvina kwenikweni kwa kwawo, anthu akumuwombera m'manja.

Anazimitsa fulashi. Kunatsala kuwala kolowera pamazenera basi. Anatsamira chipilala kuti manja asanjenjemere, nayendetsa kamera pang'onopang'ono kutsatira mutu wa mnzawo.

Chithunzi chimene chinatuluka akanachifufuta mwamanyazi tsiku lina lililonse. Miyendo sinkadziwika kuti ndi ingati, jekete linali mbuu, diresi la Lightness ngati ufa womwazika. Nkhope yokha ndi imene inaoneka, yopendekeka, ikuseka.

"Ichi ndiye titume," anatero a Harold.

"Anthu adzati ndakalamba," a Nicodemus anang'ung'udza, koma anatumiza ndithu.

Yankho, uthenga wa mawu ojambulidwa, linafika anthu akudya mpunga wa pilau. A Harold anakweza mawu a foni, ndipo akulu awo anamveka ali ku Ntcheu: "Wojambula wanuyo waledzera kapena? Miyendo sikuoneka n'komwe." Kenako mawu aja anapitiriza motsitsa. "Koma ngati ukuvina mpaka kamera kulephera kukugwira, khala konko, mng'ono wanga."

Moyo wawo wonse a Nicodemus anali asanatukwaniridwepo ntchito yawo. Anakhala pansi pafupi ndi mnzawo, misozi ili lengelenge, n'kupempha kuti awaseweretsenso mawuwo.