Mkazi wa Chipika

"Kodi amake Esinati, lole ikapha munthu, wobwera kudzapepesa ndani, woyendetsa kapena mwini wake?" Anandifunsa choncho aNatembo, anansi anga, tikuswa mtedza pakhonde. Inali itatha miyezi iwiri chimvereni kuti aMbewe, amuna anga, aphedwa ndi lole ya fodya imene ankagwirako ntchito, kutali kupitirira Nyimba, ndipo anawaika komweko. Sikunabwere munthu. Aphunzitsi a ku Tamanda ndiwo anandiuza kuti kuli lamulo: munthu akafera pa ntchito, kampani imapereka chipepeso kwa mkazi ndi ana, koma mkaziyo akaonekere yekha ku Boma. Chinali chaka chimene asilikali anabwerako ku nkhondo.

Ndinanyamuka Lolemba kusanache bwino, Yohane ali kumsana, Esinati nditamusiya kwa amayi. M'kansalu ndinamanga mbatata zootcha zinayi ndi masheleni atatu. Kunali nkhungu ya mwezi wa Julayi, mapiri akuoneka nsonga zokha ngati palibe chowagwira pansi. Popeza mtembo sindinauone, aMbewe ankandiyendera patsogolo njira yonse. Mwamuna aliyense wamtali wotulukira m'nkhungumo ankayamba wakhala iwo, kenaka n'kusanduka munthu wamba wonyamula khasu.

Dzuwa litafika pamutu ndinatulukira pamsewu waukulu, pa sitolo ya Mmwenye. Panaima lole yopakira mtedza wa ku Chipangali. Woyendetsa anali Che Amidu, Myao wa ku Nyasalande wovala kachipewa koyera.

"Sheleni imodzi, mayi. Kamwanako kakwera ulere, bola kasayendetse."

Chibadwire ndinali ndisanakwere galimoto. Ndinaima nthawi ndikuyang'ana matayala ake, otalika mpaka m'chiuno mwanga, kenaka ndinakwera pamwamba pa matumba. Itayamba kuyenda, mitengo inayamba kubwerera kwathu yokha, umodzi umodzi, ngati yaiwala kanthu. Fumbi lofiira linatikuta ndipo Yohane anagona. Ine sindikudziwa ngati ndinagona, koma ndinamva aMbewe akuimba nyimbo ya m'kachisi pansi pa phokoso la injini. Mayi wina wa madengu a tomato anandigwedeza: "Amwali, gwirani chingwe, mufika ku Boma musanafike."

Tinalowa mu Fotijemusoni, ku Boma kuja, madzulo, utsi wa nkhuni uli lende pakati pa mapiri. Ndinagona kwa mlongo wa aphunzitsi aja.

Lachiwiri m'mawa ndinakhala pansi pa mtengo wa kachere panja pa ofesi mpaka mthunzi unasuntha kawiri. Mesenjala atandiitana, ndinapeza kalaliki wa magalasi, bambo Zulu, Mngoni waulemu wake.

"Malemuwo dzina ndani?"

"AMbewe."

"Mayi, a Mbewe m'boma lino ndi ambiri ngati mtedza. Dzina lawo lenileni."

Zaka zisanu ndi chimodzi za ukwati ndinali ndisanalitchule dzinalo, ndipo pakamwa panga panakana. Koma sukulu ndinafika Sitandade 2. Ndinapempha pensulo n'kulemba: Zakeyu Mbewe. Bambo Zulu anamwetulira, nayendetsa chala pa kalata ya kampani, kumwamba mpaka pansi, kawiri.

"Palibe Zakeyu. Amene anafa pa lole imeneyo walembedwa Chipika."

Ndinaganiza kuti mwina wafa ndi wina, aMbewe ali moyo kwinakwake akuopa kubwera. Bambo Zulu anaona nkhope yanga ndipo anatsitsa mawu. Anandiuza kuti ndipite kumene amasungira malole, ndikapeze munthu wowadziwa. Anawonjeza kuti lamuloli siliyang'ana mwini mbumba kapena malume, limafunsa chimodzi chokha: ndani ankadya kuchokera m'manja mwa malemu.

Kumalole kunkanunkha mafuta ndi fodya. Amuna anali chigonere pansi pa magalimoto, miyendo yokha ikuoneka, ndipo ndinayang'ana mapazi onse. Kapitawo anandiitanira woyendetsa wina, bambo Lungu, wamfupi, dzanja lili m'nsalu.

"Wamtali wa ku Tamanda, woimba nyimbo za m'kachisi? Ameneyo ndiye Chipika, mlamu. Inu ndinu amake Esinati." Anavula chipewa n'kukhala pansi pa fumbi, ine n'kukhalanso.

Anandifotokozera ntchitoyo. Lole yolemera ikafooka pa chitunda, wothandiza amalumpha ndi chipika cha mtengo n'kuchiponya kumbuyo kwa tayala kuti isabwerere. AMbewe ankachita msanga kuposa onse, mpaka mzungu wa kampani anasiya kufunsa dzina lawo, n'kulemba lomwe anzawo ankakuwa. Tsiku la ngoziyo chipika chinaterereka pa miyala, lole n'kubwerera n'kuwaponda.

"Ndinkayendetsa ndine," anatero bambo Lungu. "Tinawaika pansi pa mtengo wa msuku, kumanja kwa msewu. Pepani, mlamu. Ndinalibe nkhope yobwerera kwanu."

Ndinawapatsa mbatata imodzi, tinadyera limodzi.

Lachitatu tinapita limodzi ku ofesi. Bambo Lungu analumbira pamaso pa Bwana Disi kuti Chipika ndi amuna anga. Bambo Zulu anandiwerengera pepala m'Chinyanja: kampani ipereka mapaundi khumi ndi asanu kwa mkazi wa Chipika ndi ana ake awiri, ndipo mlandu wathera pomwepo.

"Bambo, onjezanipo dzina lawo. Ndalemba kale, mungokopera."

"Mayi, pepala ili liyenera kufanana ndi buku la kampani. Ndikasintha dzina, libwerera ku Lusaka kuti akafunse ngati ali munthu mmodzi. Lingabwere mvula itagwa. Lingakhalenso komweko. Ndaona ambiri."

"Nanga ana akadzafunsa?"

"Mudzawauza inu. Pepala silera mwana."

Ndinayang'ana pazenera. Pabwalo panadutsa lole, pamwamba pake pataima munthu wamtali atagwira chingwe, ndipo ulendo uno sanasanduke aliyense, anangopita. Yohane anadzuka n'kuyamba kufuna bere. Ndinaganiza za denga lofuna udzu, za munda wofuna wolima, za Esinati amene akwanitse zaka za sukulu. Mesenjala anandibweretsera inki ya chala. Ndinaikana, ndinatenga cholembera n'kulemba dzina langa bwinobwino pansi pa mawu akuti mkazi wa Chipika.

Lachinayi ndinakweranso lole ya Che Amidu. Pa chitunda china inafooka, ndipo wothandiza wake, bambo wa imvi, analumpha ndi chipika. Ndinasuzumira pansi kuti ndione mmene amachitira. Ndi ntchito ya kamphindi chabe, munthu amawerama ngati akudzala chimanga.

Ndinafika kwathu nkhuku zikulowa. Ulendowu unandiphunzitsa kuti lamulo lilipo ndithu, ndipo mkazi wamasiye asaope kulilondola, koma atenge mboni, ndipo adziwe dzina limene mwamuna wake amaitanidwa nalo ku ntchito. Ndinabwera ndi mapaundi khumi ndi asanu. Zimene zinatayika ndi izi: mwamuna mmodzi wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, khasu limodzi m'munda, manda amene sindidzawalozera ana, ndi dzina lakuti Zakeyu, limene lero ndalilemba kachiwiri.