Mtumbira Umene Suli pa Mapu

Ndinadandaula koyamba Lachiwiri la sabata yachiwiri ya mwezi wa Juni, chaka chimene mkazi wanga anamwalira. Ndinadandaula kachiwiri mu Ogasiti chaka chomwecho, kachitatu mvula yoyamba itangogwa. Mpaka lero makalata akwana khumi ndi anayi. Kalata iliyonse ndinkailemba kawiri, ina yopita, ina yotsala, ndipo zotsalazo zili m'chikwama chachikopa chimene ndinkanyamulira mabuku ndili mphunzitsi. M'menemo mulinso timapepala timene alonda a pachipata amapereka munthu akamalowa mu ofesi. Yankho lolembedwa mulibe ngakhale limodzi.

Kwathu ndi ku Mitundu, ndipo ndi kumene ndinakhala ndi mkazi wanga zaka zoposa makumi anayi. Iye anali wa mudzi wina kufupi ndi Nathenje. Atamwalira mu Febuluwale, abale ake anati akagone kwawo, pafupi ndi amayi ake, monga mwa mwambo. Sindinakane. Manda a kwawoko ndi kamsitu kakang'ono, ndipo m'kati munali mutadzaza, choncho adzukulu anakumba chakumphepete, patsinde pa mtengo wa msuku. Pamwamba pa mtumbira tinaikapo mbale yake yachitsulo, titaiboola pansi.

Chiliza sitimanga maliro akangochitika. Timadikira kuti dothi likhazikike, mvula ipite, anthu akolole, achibale asonkhane. Ukafulumira chimang'aluka, ndipo anthu amakunena kuti unali ndi changu chomutsekera. Ine ndinakonza zomanga chaka chotsatira, m'chilimwe. Pa kudikira kumeneku ndi pamene panayambira mavuto anga.

Mu Meyi kunabwera anthu oyeza njira ya nthambo zikuluzikulu za magetsi, zija zoyenda pa nsanja zachitsulo. Ine kunalibe. Zimene zinachitika ndinazimva kwa mlamu wanga, mlongo wake wa malemu, amene ndiye anali mwini mbumba. Oyezawo atafika pa manda anauzidwa kuti mlendo salowa m'menemo, chifukwa mbali ina ya msituwo ndi dambwe la gule. Iwo sanalimbane nazo. Anaimika chipangizo chawo cha miyendo itatu panja, m'munda wa chimanga, n'kusuzumira chapatali. Udzu unali wautali. Chimene chinkaoneka ndi ziliza zoyera za m'kati, ndipo zonsezo zinali kunja kwa mpata umene ankaufuna. Analemba kuti m'njira ya nthambo mulibe manda. Pepalalo linali la Chingerezi, ndipo mlamu wanga anadindapo chala poganiza kuti ndi kaundula wa amene anabwera ku msonkhano.

Ine ndinapita mu Juni kukalambula pa mtumbira. Kuchokera ku Mitundu umakwera minibasi kawiri, n'kutsiriza ndi njinga ya kabaza. Ndinapeza zikhomo zopaka utoto wofiira, china kuno, china uko, mkazi wanga ali pakati.

"Alamu, zikhomo izi n'za chiyani?" ndinafunsa.

"Za magetsi, aphunzitsi! Chaka chino tikuyatsa nafenso. Inu a ku Mitundu mwatinyadira mokwanira ndi mababu anu aja."

"Nanga alongo anu ali pakati pa zikhomo, mwaona?"

"Aaa, mawaya adutsa kumwamba, iwo ali pansi. Akumana pati? Kapena mukuopa kuti adzuka akufunseni za mbuzi zawo zija munagulitsa?"

Anaseka yekha. Nditabwerera ku Mitundu ndinalemba kalata yoyamba ija, kufotokoza kuti m'njira yawo muli manda atsopano, ndipo ndinajambulapo kamapu ka pensulo kosonyeza msuku.

Chilimwe chotsatira, sabata imene ndinagula simenti, chimakina chokankha dothi chinafika pa mpatawo. Uthenga unandipeza patapita masiku awiri. Nditafika msuku kunalibe, chitsa chake chomwe anazula. Mbale kunalibe. Mtumbira unali utametedwa mbali imodzi ngati mzere wa mbatata umene ng'ombe yaponda. Mlamu wanga anaima pambali atavula chipewa, ndipo tsiku limenelo nthabwala analibe. Nsanja itaimikidwa ndinayeza kuchokera pa mwendo wake wa kumadzulo kukafika pamutu pa manda, ndipo anakwana masitepe makumi atatu ndi limodzi. Ndinalemba m'kabuku, mlamu wanga akuona.

Magetsi a m'mudzimo sanayake. Nthambozo zimangolira pamwamba pa nyumba ngati njuchi, kupita kwina.

Ndinabwera ndi mmisiri, njerwa ndi matumba anayi a simenti. Tisanakumbe ngakhale maziko, inafika galimoto ya oyendera nthambo. Mkulu wawo anali munthu waulemu, sindimunamizira. Anati pansi pa nthambo sipamangidwa kanthu popanda chilolezo cholembedwa.

"Si nyumba iyi, bambo. Ndi chiliza, chofika m'bondo," ndinatero.

"Ndamva, madala, ndipo pepani. Koma chilichonse cha njerwa ndi simenti ife timagwetsa. Tabweretsani kalata, ine ndidzakuthandizani ngakhale kusakaniza matope."

Simenti ija ndinaisunga pakhonde pa mlamu wanga. Inauma n'kusanduka miyala, ndipo lero anthu amakhalira pomenya nyemba.

Kalata yachilolezo ndinayamba kuifuna ku Lilongwe, ku ofesi kumene ndinkatumiza madandaulo anga. Mayi wa pa tebulo lolandirira alendo anawerenga tsamba loyamba lokha.

"Agogo, simunamve kuti kampani inagawidwa? Kale inali imodzi, tsopano opanga magetsi ali paokha, onyamula ali paokha. Nkhani ya nthambo si yathu."

"Nanga makalata anga asanu amene ndinatumiza kuno?"

"Amenewo anapita ndi katundu wa anzathuwo posamuka. Mwina."

Ndinalemba mawu akuti mwina m'kabuku, ndi tsiku lake. Ku ofesi yachiwiri anati nthambozo anamanga ndi kontrakitala wochokera kunja, kuti ntchito itatha ofesi yake inatsekedwa, ndipo mafayilo ali m'makatoni amene sanatsegulidwe. Ndinapitako maulendo anayi. Ulendo wachinayi anandilowetsa kwa injiniya wina, amene ananditembenuzira kompyuta kuti ndione ndekha. Ndinaona msitu wa manda ngati kadontho kobiriwira, ndi mizere iwiri yowongoka ikudula m'mphepete mwake.

"Onani, achikulire. Pakati pa mizere iyi palibe manda."

"Ndinaponyamo dothi ndi dzanja ili."

"Sindikukutsutsani. Koma kuti ndilembe chilolezo chomanga pa manda, mandawo ayenera kukhala pa mapu."

"Ndiye aikeni pa mapu."

"Oyeza amaika chinthu chimene akuchiona. Pakanakhala chiliza bwenzi ntchito itaphweka."

Ndinamuyang'ana, iye n'kuyang'ana kompyuta yake. Ndikhulupirira kuti anamva yekha zimene ananena, chifukwa anayamba kukanda m'mutu ndi cholembera. Kenaka anatulutsa pepala lija la chala cha mlamu wanga, n'kundifunsa kuti pa malowo ine ndine ndani. Ndinati ndine mwamuna wa malemu. Anati mkamwini sangatsutse zimene mwini mbumba anavomera, ndipo ndi bwino mwini wakeyo alembe kuti analakwitsa.

Kalatayo ndinamulembera mlamu wanga m'Chichewa, ndinamuwerengera kawiri, n'kumuikira inki patsogolo. Anabisa dzanja m'thumba.

"Aphunzitsi, chala ichi chinandipusitsa kamodzi. Ndikati ndinanama pa pepala la boma, si andimanga? Inu mudzabwerera ku Mitundu, ine ndiye ndidzagone ku polisi."

Ndinamufotokozera kuti kulakwitsa si kunama. Anati aganize kaye, tidzaone akamaliza kusankha fodya. Chaka chotsatira anati akamaliza kukolola. Chaka chatha tinamuika iyenso, kumphepete kwina kwa msituwo, kutali ndi nthambo, ndipo kalata ija ili m'chikwama changa yopanda chala.

Mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino, anatopa nane.

"Ababa, tingopita Lamulungu ndi mmisiri, pofika madzulo tamaliza. Ndani aone? Anthu akumanga mashopu m'misewu, inu mukudikira chidindo."

Ndinakana. Ndinaona ndi maso anga uvuni wa njerwa umene munthu wina anauunjika pansi pa nthambo zomwezo, mmene oyendera nthambo aja anaugwetsera. Chimakina chinadutsa kale kamodzi pamutu pa mayi a mwana wangayu, ndipo sindifuna kuti nyundo idutseponso chifukwa cha ine. Komanso mkazi wanga sanabe malo amenewo. Anagonapo nsanja isanabwere. Sindidzamumangira mozemba ngati ndikubisa katundu wakuba. Mwanayo anati ndine wouma mutu, ndipo kuyambira pamenepo nkhaniyi sitiikambanso.

Miyezi yapitayi kunali msonkhano pa Nathenje. Anabwera anthu a mataye kudzafotokoza kuti nthambo za dziko lino zikulumikizidwa ndi za ku Mozambique, kuti magetsi azigulidwa kunja akachepa kuno, ndiponso kuti opanga magetsi azikhala ambiri, azipikisana ngati ogulitsa tomato pa msika. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinakweza dzanja, n'kuimirira ndi chikwama changa. Ndinati ngati atha kumvana ndi dziko lina pa nthambo zodutsa malire, alephera bwanji kundiyankha za malo osakwana mphasa imodzi. Wotsogolera msonkhano anati funso la agogo ndi labwino kwambiri, koma lero tabwerera za msika wa magetsi, ndipo ndilembe kalata. Kumbuyo wina anakuwa kuti, "Alemba kale buku lonse amenewo!" Anthu anaseka. Sindinawakwiyire, ananena zoona.

Pa msonkhano womwewo ndinamva kuti mpata wa pansi pa nthambo azidzaulambula kawirikawiri tsopano, popeza magetsi odutsamo achuluka. Ndinapita ku manda tsiku lomwelo. Mtumbira sukuonekanso. Mvula yausalaza, moto wa chaka ndi chaka wapsereza udzu, ndipo mbuzi zapanga kanjira. Ndinaima pa mwendo wa nsanja n'kuyamba kuwerenga. Pa masitepe makumi atatu ndi limodzi ndinapezeka pa malo amene mtima wanga unawakana. Ndinabwerera, ndinayambanso, ndipo ndinapitirira mpaka makumi atatu ndi asanu ndi limodzi ndisanamve kuti mwina ndi pano. Mawondo anga afupikitsa mayendedwe anga. Nambala imene ndinaisunga mosamala zaka zonsezi inali ya miyendo ya munthu amene kulibenso. Ndinayenera kuyeza ndi chingwe. Ine mphunzitsi wa masamu, sindinaganize zimenezo.

Mwa adzukulu amene anakumba, watsala mmodzi, ndipo maso ake achita ng'ala. Ndikachoka ine, palibe amene adzaloze malowo ngakhale molakwitsa. Sindikhulupiriranso kuti chilizacho ndidzachiona. Ndalemba izi kuti pepala likhalepo.

Choncho ine, mphunzitsi wopuma ntchito, wokhala ku Mitundu, mwamuna wa malemu amene anaikidwa m'mphepete mwa manda a kufupi ndi Nathenje nthambo zisanadutse, ndikupempha mwaulemu ofesi imene nkhaniyi ili m'manja mwake, kaya ndi ya opanga, ya onyamula kapena ya ogulitsa magetsi, kuti itumize munthu mmodzi wa chipangizo choyezera adzaime nane pa malowo masana, pamodzi ndi mdzukulu wotsalayo akadali moyo. Ndikupemphanso yankho lolembedwa, losainidwa ndi lodindidwa, pa funso limodzi: kodi ndikuloledwa kumanga chiliza pa manda a mkazi wanga, kapena ayi? Ngati yankho ndi ayi, lilembedwe kuti ayi, ndi chifukwa chake. Ndikupempha kuti lindipeze mvula ya chaka chino isanagwe.